Anakulitsa Chipinda Changa ndi Magalasi

Zimitsani mafoniwo. Ndati zimitsani, osati kungowatembenuza pantchafu ngati ine sindikuona kuwala kwake. Iwe Tadala, khala pakatoniyo, mulibe zosweka, muli nsapato za abambo ako. Tiyamike, bwera pabedi pano pafupi nane. Mwaona? Anthu atatu okha, maondo agundana kale. Koma tayang'anani m'galasimo, tachuluka ngati msonkhano wa amayi a mvano. Mawa m'mawa galimoto ya katundu ibwera, ndiye lero mundimvere mpaka ndimalize. Mukafuna kuyankha muyankhe m'Chichewa chanu chothyokathyokacho, Chingerezi cha m'mphunocho muyambe mwasunga.

Inu mumati mira, amayi anu amati galasi, ife tinkati kalilole. Kwathu ku Kasiya, pabanja pathu ponse panali chibenthu chimodzi cha kalilole chimene amayi anga anachimata pakhoma ndi dothi. Chinkakwana diso limodzi ndi theka la mphuno. Ukafuna kuona chibwano unkaimira zala za kumapazi, ukafuna tsitsi unkawerama, ndipo nkhope yonse unkailumikiza wekha m'mutu. Loweruka tinkandandalikana pamenepo, wina atagwira chipeso chachitsulo chotenthetsa pamakala, wina mafuta a nsatsi, fungo la tsitsi lopserera lili tolo. Seka iwe Tiyamike, sekadi. Makutu anga onse awiri ali ndi zipsera za chipeso chimenecho, komabe amuna ankatifunsira.

Atsikana sitinkagona m'nyumba ya makolo. Ukangoyamba kusinkhuka unkasamukira ku kuka, nyumba ya agogo aakazi. Kwa agogo anga a Nangondo tinkagona atsikana asanu ndi mmodzi pamphasa ziwiri, kuwonjezera mtsuko wa madzi ndi nkhuku yofungatira pakona. Kutembenuka kunali kopangana. Wina akadya nyemba tonse tinkadziwa. Koma sindinamvepo wina akunena kuti nyumba yachepa, ndipo amene ankadandaula agogo ankangomuuza kuti akagone ndi mbuzi, kuli malo. Zonse zimene mtsikana ayenera kudziwa ndinazimvera m'kuka mmenemo, mutu wanga utagunda msana wa agogo.

M'kukamo ndi mmene ndinaphunziranso za mphenzi. Mabingu akangoyamba, ntchito yoyamba inali kuphimba kalilole, kenako kubisa nsalu yofiira, kenako kuchoka pakhomo. Iwe Tadala unandiuzapo kuti aphunzitsi ako a sayansi amati galasi siliitana mphenzi. Anene zawo. Ine ndinali ndi mnzanga Elube, mwana wa aphunzitsi, amene tinkasewera naye fulaye. Nyumba yawo yokha ndiyo inali ndi wadiropu ya galasi m'mudzi monse. Tsiku lina masana mvula inabwera ndi mabingu iye akupesa tsitsi patsogolo pa wadiropuyo, ndipo mphenzi inalowera padenga. Maliro ake ndinawaona ndi maso angawa. Kuyambira pamenepo, kukagunda ine ndimaphimba, kaya wina aseke kaya asaseke.

Kalilole wanga woyamba anandibweretsera ndi agogo anu aamuna, a Yohane, pochokera ku migodi ya ku Joni. Ndi uyu ali m'thumba langali, wozungulira, wa chitsulo kumbuyo. Anabwera ndi njinga, wailesi, chifuwa chimene chinadzawapha, ndi kalilole ameneyu. Pondipatsa anati, "Kwaya, uzidzionera wekha, ine ndatopa kukuuza kuti ndiwe wokongola." Anali munthu wa pakamwa pozuna, ngakhale dzanja linali louma. Nyumba imene tinamanga inali ya njerwa zowotcha, zipinda zitatu, ndipo maziko ake tinayeza ndi mapazi, chidendene kugunda chala. Chizolowezi chimenecho sichinandichoke, chipinda chilichonse chimene ndalowa ndimachiyeza ndi mapazi.

A Yohane atamwalira ndinakhala zaka ziwiri ndekha, ndikulima mtedza wanga, ndikuphika zigumu zogulitsa pasukulu. Kenako inalira foni. Anali amayi anu, Esnart, akulira kuno ku Perth. "Amayi, mwana wabadwa, ine ndiyenera kubwerera ku shifiti, abambo ake amachoka mbandakucha kupita kuntchito ku Kwinana. Kuno kulibe wolera. Bwerani, amayi." Mwana wobadwayo unali iwe Tadala. Ndinasiyira nyumba ndi munda mwana wa mlongo wanga, ndinamanga katundu m'thiranki yanga yachitsulo, ndi kukwera ndege koyamba m'moyo. Ku Joni kumene amuna anga anakumba nthaka zaka zonse zija, ine ndinangoonako mipando ya pabwalo la ndege. Anzanga a mvano ankandichitira nsanje, ati Nachisale wapita kukadya za Azungu. Walira mvula walira matope, ana inu, koma nthawi imeneyo ndinkangoona mvula yokha.

Dziko lino ndinalipeza lozondoka. Mvula imagwa m'June, nthawi yozizira, pamene kwathu anthu akuswa mtedza. December amene kwathu chimanga chili m'maondo, kuno dzuwa limawotcha popanda ndi dontho lomwe. Koma ndinazolowera chifukwa manja anali ndi ntchito. Ndinkakubereka iwe Tadala ndi chitenje ichi cha masamba obiriwira, n'kuyenda nawe mpaka ku siteshoni ya sitima ya Cannington kuti uzikaona sitima zikudutsa, chifukwa unkasiya kulira ukamva phokoso lake. Azungu ankatembenuka, ena ankapempha kujambula. Iwe Tiyamike unabadwa patapita zaka zitatu, wolira usiku ndi usana, chitenje chako ndi ichi cha nkhanga. Kuseri kwa nyumba ndinabzala maungu mumchenga wa kuno wosabereka, mpaka munadya nkhwani wotendera ngati ana a kumudzi. Tinkagona atatu m'chipinda chachikulu chija chapafupi ndi bafa. Mumtima ndinkati, ndamanga kuka ku Australia.

Ndi abambo anu tinkapewana monga mwa mwambo. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Kuno kulibe tchire lopatukirako, ndiye tinafewa, tinayamba kudyera patebulo limodzi, iwo akuyang'ana m'mbale mwawo, ine m'mbale mwanga. Koma chipinda chimene ine ndikugona sankalowamo. Ndi munthu waulemu, zimenezo sindingawanamizire.

Ndiye kunabwera mawu aja. Iwe Tadala utakwana zaka khumi ndi zitatu, msinkhu womwe kwathu mtsikana amasamukira kwa agogo ake, unauza amayi ako kuti ukufuna pulaivesi. Ndinafunsa kuti pulaivesi n'chiyani, ndi mankhwala kapena chovala? Esnart anayesa kumasulira, nalephera, chifukwa m'Chichewa mulibe. Anangoti, "Amayi, akufuna azikhala payekha." Kwathu wokhala payekha ndi wodwala khate kapena wokayikiridwa ufiti. Kuno ndi ufulu wa mwana. Unatenga chipinda chako. Chaka chisanathe nayenso Tiyamike anadwala nthenda yomweyo ya pulaivesi, ndipo chipinda chachikulu chija chinakhala chake. Ine anandisamutsira muno, mmene munkakhala kompyuta ndi thabwa lositira. Ndinayeza: mapazi asanu ndi anayi m'litali, asanu ndi awiri m'lifupi. Zinandiwawa, koma ndinati ana akula, nkhalamba siifuna bwalo.

Ndakhala muno zaka zinayi. Bedi, thiranki, Baibulo, kalendala ya mpingo, beseni losambira kumaso. Inu mukapita kusukulu, makolo anu kuntchito, ndinkatsala ndi firiji yong'ung'udza. Ndinagwa kawiri kubafa, zimenezo sindikana. Kachiwiri ndinakhala pansi mpaka iwe Tiyamike utaweruka, ndipo unalira kuposa ine wogwane.

Chaka chino, Pasaka itangopita, Esnart analowa muno ndi tepi yoyezera m'manja. "Amayi, chipinda chanu tikufuna tichikonze, chioneke chachikulu. Tiika magalasi."

"Magalasi akulitsa chipinda?" ndinafunsa. "Nanga bwanji osangogumula khoma?"

Anaseka. "Ayi amayi, ndi nzeru za kuno. Galasi likayang'anizana ndi zenera, kuwala kumalowa kawiri. Likachokera pansi mpaka kudenga, diso limaona ngati chipinda chikupitirira. Mudzaona, mudzakondwa."

Ndiulule, ndinakondwa ndisanaone n'komwe. Ndinati mwana wanga wandikumbukira. Tsiku loika magalasi anandikhazika pampando kuseri, pafupi ndi maungu anga, kuti abambo anu alowe ndi mmisiri popanda ine mkati. Makina oboolera khoma analira tsiku lonse. Madzulo polowa ndinapeza makoma apakidwa penti woyera, makatani anga a maluwa achotsedwa, m'malo mwake muli kansalu kopyapyala ngati ukonde wa udzudzu. Galasi lina pa zitseko zonse za wadiropu, lina moyang'anizana ndi zenera, lachitatu lalitali pafupi ndi chitseko. Thiranki yanga inali itapita ku galaja. Ati katundu wambiri amachepetsa chipinda. Kalendala nayo ati imadula khoma. Iwe Tadala unaimirira pakhomo n'kuwomba m'manja, ndipo unati magalasiwo unasankha ndiwe.

M'mawa mwake nditadzuka ndinaona nkhalamba itakhala pabedi, mutu uli mbuu, ikundiyang'ana. Ndinaipatsa moni. Eya, sekani, ndinaipatsadi moni, maso anga a ng'alawa sazindikira msanga. Nditatembenuka ndinapeza ina kumanzere, ndi ina kumbuyo kwa imeneyo. Kwa zaka zambiri ndinkadziona nkhope yokha m'kalilole wa a Yohane. Tsopano ndinaona zonse nthawi imodzi: msana wopindika, miyendo yowonda, khosi la nkhuku yothothoka. Sabata yomweyo ndinagunda chipumi pagalasi la wadiropu, ndikuyesa kuti kuli malo opitako. Ndinayezanso chipinda ndi mapazi. Asanu ndi anayi, asanu ndi awiri, chimodzimodzi kale.

Choipa kwambiri chinali galasi la pafupi ndi chitsekolo. Chitseko chikangotseguka pang'ono, linkanyamula bedi langa lonse n'kukaliika pakhonde lopita kukhitchini. Ine sindinkadziwa. Tsiku lina m'mawa nditasamba, ndinakhala pabedi chitenje chili m'chiuno, ndikudzola mafuta. Pokweza maso ndinakumana ndi maso a abambo anu m'galasimo, ali ndi kapu ya tiyi m'manja. Kapu inagwa n'kusweka. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri tikupewana bwinobwino, galasi linativula tsiku limodzi. Masiku atatu sindinatuluke kukadya patebulo. Inu munkati agogo akudwala chimfine, pamene ine ndinkafa ndi manyazi.

Nthawi yomweyo kunayamba zachilendo zina. Loweruka lililonse m'mawa Esnart ankati, "Amayi, valani, tikayende ku mashopu." Tinkapita tonse ku msika waukulu uja wa Cannington, kundigulira tchipisi ndi tiyi wa mkaka, kundikhazika pabenchi ola lathunthu. Tisananyamuke ankayala nsalu yoyera pabedi langa, kubisa Baibulo ndi mankhwala mu wadiropu, ati ukhondo. Panja anakhomapo chikwangwani cha nkhope ya mayi wachizungu womwetulira. Ndinakufunsa iwe Tiyamike kuti ndi ndani ameneyu. Ukukumbukira chimene unayankha? Usayang'ane pansi. Unati ndi wandale, akufuna mavoti. Ine n'kumamupempherera mayiyo kuti apambane, popeza ankaoneka wansangala.

Loweruka lachinayi Esnart anaitanidwa ku shifiti mwadzidzidzi. Kumwamba kunada kuyambira m'mawa, ndipo nthawi ya tiyi bingu loyamba linagunda mpaka mazenera ananjenjemera. Ndinayang'ana magalasi atatu aja, lililonse lalikulu kuposa wadiropu ya kwawo kwa Elube. Ndinasolola zitenje zitatu pansi pa pilo. Cha masamba obiriwira ndinachipanikiza ndi zitseko za wadiropu, cha nkhanga ndinachikoleka pagalasi la kuzenera, chakuda cha pamaliro a a Yohane ndinaphimbira la pachitseko. Chipinda chinabwerera msinkhu wake weniweni, ndipo ndinapuma bwino koyamba m'milungu yambiri.

Abambo anu anaima kutali pakhonde, osayang'ana kuno. "Tadala, auze agogo kuti galimoto ndaliza kale."

Ndinayankha kudzera mwa iwe, "Awuze abambo ako kuti ine sindiyenda m'ziphaliwali."

Munanyengerera, munanditchulira tchipisi, ine ayi. Mkamwini wa kwathu sangakokere apongozi ake kugalimoto, ndiponso sangalowe m'chipinda mwawo kukaona chimene achita ndi magalasi. Anayesa kuimbira Esnart, foni sinayankhidwe. Ndinamva galimoto ikutuluka, ndinaganiza kuti mwapita kukadya tchipisi zanu. Ndinatseka chitseko, ndi kukhala pabedi ndikung'ung'udza nyimbo.

Pasanapite nthawi ndinamva nsapato za gogoda m'nyumba, ndi mawu a anthu ambiri. Chitseko changa chinatseguka popanda odi. Anali mayi wa pachikwangwani uja, mano omwewo, kumbuyo kwake anthu asanu ndi maambulera onyowa. Kumwetulira kunamuthera atangoona zitenje. Analankhula Chingerezi chothamanga, n'kuyamba kusolola zitenje zanga chimodzichimodzi, kuzipinda mwachangu n'kuziponya pamiyendo panga, kwinaku akupepesa, osati kwa ine, kwa alendo ake. Bingu linagundanso. Ndinakuwa, "Siyani, mutiphetsa!" koma palibe anasamala. Anthuwo ankasuzumira mmodzimmodzi, kuyang'ana kudenga, kutsegula wadiropu yanga, kudumphitsa maso pa ine ngati ndine mpando.

Womaliza kulowa anali mayi wakuda, wovala yunifolomu ya anamwino pansi pa jekete. Atamva kukuwa kwanga anagwada pang'ono. Anali wa ku Zambia.

"Amai, muli bwanji? Ndimwe ba ku Malawi?"

"Ndili bwino, mwanangu. Kodi anthuwa akufuna chiyani m'chipinda mwanga?"

"Tabwela kuona nyumba, amai. Bagulisa." Anandiyang'ana, n'kugwira pakamwa. "Sibanakuuzeni?"

Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi, akuti ndi chimene chili pa intaneti. Ndinachiyandikiza kumaso. Chinali chipinda chino, koma chotakasuka ngati holo ya tchalitchi, choyera, chowala, bedi la nsalu yoyera ndi maluwa pazenera. Munalibe Baibulo, munalibe beseni, munalibe ine. "Balemba ati nyumba ili na vipinda vinayi vogona," anatero mayiyo motsitsa mawu. Pamenepo ndinamvetsa zonse. Nyumba ya zipinda zitatu ndi kosungira kompyuta anafuna igulidwe ngati ya zipinda zinayi. Magalasi sanali anga. Anali a anthu a maambulera aja.

Esnart anabwera dzuwa litapendeka, ali ndi yunifolomu yake. Anali atamva kale. Anakhala pomwe wakhala iwe Tadalapo, ndipo m'magalasi tinali ambiri, amayi atatu ndi ana atatu.

"Amayi, tinkafuna tikuuzeni zonse zikatheka."

"Zatheka tsopano. Nena."

Anati nyumba yatsopano ili ku Rockingham, pafupi ndi ntchito ya abambo anu, kuti asamathere moyo pamsewu. Ndinafunsa kuti zipinda zogona zilipo zingati. Anati zitatu. Ndinawerenga ndi zala: cha makolo, cha Tadala, cha Tiyamike. Chala chachinayi chinatsala chili chiimire.

"Zipinda zonse zili pamwamba, amayi, pali masitepe. Ndi maondo anuwo simungathe. Mwagwa kale kawiri, tsiku lina tidzakupezani mutazizira. Kuntchito kwathu kwapezeka malo. Muli anamwino usana ndi usiku. Ndizikuonani pa shifiti iliyonse."

Ana inu, mukudziwa kumene amayi anu amagwira ntchito, ku nyumba yosungira okalamba. Chimene simukudziwa n'chakuti mwezi woyamba nditafika kuno, Esnart yemweyu ankabwera kuchokera kumeneko akulira. Ankati, "Amayi, anthu a kuno alibe chisoni, amataya makolo awo ngati nsapato zakutha. Gogo wina amakhala pazenera tsiku lonse kudikira mwana amene sabwera." Ine ndinkapukusa mutu, n'kumati Mulungu atithandize ife a ku Malawi sitingatero. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinamukumbutsa mawu akewo. Analira, nati, "Amayi, ndatopa. Ndatopa ndithu." Ndipo ndinaona kuti sakunama, maso ake anali olowa, mapazi otupa. Ndinamumvera chisoni, komabe mkwiyo sunachoke. Ziwirizi zikugona limodzi mumtima mwanga mpaka lero.

Mudzafunsa kuti bwanji sindinabwerere kumudzi. Ndinaimba foni. Mwana wa mlongo wanga uja ali ndi ana asanu ndi mmodzi m'nyumba yanga, munda anagawira apongozi ake, ndipo anandifunsa ngati ndikubwera kudzacheza masabata angati. Anzanga a mvano amene ankandichitira nsanje, ambiri ali kumanda. Mankhwala anga a shuga ndi a magazi ali kuno. Ndinachoka ndili mwini nyumba, ndikabwerera ndikakhala mlendo wopempha mphasa.

Ndiye ndinayesa njira imodzi yotsala. Ndinakuitana iwe Tadala muno, sabata yatha. Ndinati, "Mdzukulu wanga, masitepe ndikhoza kukwera chokwawa kamodzi patsiku. Bedi sindilifuna. Undilole ndiyale kamatiresi pansi m'chipinda chako chatsopano, pakona pokha. Sindichita mkonono, usiku sindiyatsa nyali." Ine Nachisale, amene sindinapemphepo ngakhale mchere kwa mkazi mnzanga, ndinapempha pakona kwa mwana amene ndinamutafunira mbatata. Unatembenuzatembenuza foni m'manja. Kenako unayankha m'Chingerezi. Zambiri zinandipita, koma mawu awiri ndinawagwira: mayeso, ndi pulaivesi.

Usalire. Sindinakuitanire kulira, ndipo sindibwerezanso kupempha. Unabadwira kuno, unayamwa za kuno, ndipo amene anakubweretsa kuno si iwe. Koma usayembekeze kuti ndinene kuti sizinandipweteke. Zinandipweteka kuposa kugwa kubafa.

Lachitatu anandiperekeza kukaona malowo. Ndi aukhondo, zimenezo n'zoona. Pali fungo la sopo ndi supu. Ndinadutsa nkhalamba zitandandalikana patsogolo pa wailesi yakanema, ina ikugona pakamwa pali yasa, ina inandigwira dzanja n'kunditchula dzina la munthu wina. Wolankhula Chichewa ndi Esnart yekha ndi mtsikana wina wa ku Mzimba amene amabwera Lachisanu. Esnart anatsegula chitseko cha nambala yanga, nati ndi mawu okoma aja, "Onani amayi, n'chachikulu, si choncho?" Ndinayang'ana. Bedi, mpando umodzi, zenera, ndipo moyang'anizana ndi zenera, wadiropu ya galasi kuchokera pansi mpaka kudenga. Ndinavula nsapato n'kuyeza, chidendene kugunda chala, anamwino akundiyang'ana. Mapazi khumi m'litali, asanu ndi atatu m'lifupi. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri za kulera, ndapindula phazi limodzi mbali iliyonse.

Tsono tamverani, dzuwa likupita ndipo makatoni anu sanathe. Magalasi awa atsala, agulidwa pamodzi ndi nyumba, ntchito yawo anaigwira bwino. Kalilole wa a Yohane sindikupatsani, ameneyu ngwanga, amandionetsa nkhope yokha ndipo sananamizepo munthu za kukula kwa nyumba. Chimene ndikupatseni ndi zitenje. Iwe Tadala, tenga ichi cha masamba obiriwira, chinakunyamula kupita kukaona sitima. Iwe Tiyamike, cha nkhanga, unachikodzera kosawerengeka. Mukaike m'zipinda zanu za pulaivesi, kaya pansi pa bedi, kaya kuti. Tsiku lina amayi anu adzakalamba, maondo adzawakana, ndipo mudzafunika kuwerenga zipinda ndi zala. Pamenepo mudzazitulutse, muziyang'ane, kenako muwerenge.

Chakudachi ndikupita nacho. Mukadzabwera kudzandiona, ngati mudzabwera, musadzadabwe kupeza galasi la kumeneko lili chiphimbire kunja kuli dzuwa, ndipo muwauze anamwino asamachichotse. Mphenzi sindikuiopanso. Kungoti sindikufuna kudzuka m'mawa uliwonse n'kupeza nkhalamba ija itakhala pabedi, ikudikira moni, podziwa kuti m'chipinda chonsecho woipatsa moni ndine ndekha.